Mwana akatuluka ziwengo, kodi mayi woyamwitsa asiye kudya chiyani?

Mng'ono wanga atangotuluka m'chikuta, mwana wake anatuluka tizidzolo tofiira m'masaya ndi pachipumi. Akuluakulu apakhomo atamuyang'anitsitsa anagwirizana kuti ndi ziwengo, ndipo zachokera ku mazira amene mayi ake anadya dzulo lake. Mazira analetsedwa. Patapita masiku atatu mwana anachezera kulira, ndiye nyemba nazo zinaletsedwa poti zikumupotokola m'mimba. Kenako mtedza, kenako mlamba, kenako kabichi ndi tsabola. Mmene ndinkapita kukamuona mwezi ukutha, ndinamupeza akudyera nsima mpiru wongofwafwaza ndi mchere, wopanda nsinjiro ngakhale dontho la mafuta, khanda lili pabere. Mafupa a m'khosi anali ataonekera. Anandinong'oneza kuti, "Achemwali, njala ikundipweteka, koma ndikadya mwanayu adwala chifukwa cha ine."

Tizidzolo tija tinazimiririka tokha patatha milungu ingapo, monga mmene timachitira pa makanda ambiri a msinkhu umenewo. Mawu ake aja ndiwo sanandichoke mumtima. Palibe amene anamuchitira nkhanza dala. Agogo akamaletsa mpongozi wawo kudya mazira amakhala akuteteza mdzukulu m'njira imene akuidziwa, ndiponso maganizo awo ali ndi kambewu ka choonadi: zimene mayi wadya zimathadi kufika mumkaka. Chimene tiyenera kudziwa ndi kuchuluka kwake, ana angati amene zimawavutitsa, ndi mmene tingamuzindikirire mwana woteroyo popanda kumulanda mayi ndiwo zonse.

Mawu akuti ziwengo timawatchula pa zinthu zambiri. Munthu amati "nkhumba imandiwenga," wina amati sopo wamuwenga, ndipo chilichonse chotuluka pakhungu la mwana timachiika m'thumba lomwelo. Achipatala akamati allergy amatanthauza chinthu chimodzi. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, chimasokonezeka n'kuyamba kuthira nkhondo puloteni, gawo lomanga thupi la m'chakudya, imene ilibe vuto lililonse. Kutupa, kuyabwa, kusanza ndi zilonda za m'matumbo zimabwera chifukwa cha nkhondo imeneyo. Kwa ana aang'ono zakudya zimene zimachita izi kawirikawiri ndi mkaka wa ng'ombe, mazira, mtedza, soya, tirigu ndi nsomba. Mpiru, therere, kabichi, nyemba ndi tsabola sizili pamndandanda wa zimene zimadziwika ndi khalidwe limeneli kudzera m'bere.

Ambiri timaganiza ngati chakudya chimachoka m'mimba mwa mayi n'kulunjika kubere. Sizitero. Nsima ndi ndiwo zimagayidwa m'mimba ndi m'matumbo mpaka kusanduka tizidutswa tosaoneka ndi maso, timeneti timalowa m'magazi, ndipo bere limatenga zimene magazi abweretsa n'kupanga mkaka wakewake. Puloteni zambiri zimafika zitaphwanyika kale kotero kuti thupi la mwana silingadziwe ngati zinachokera ku dzira kapena ku usipa. Koma tizidutswa tina tochepa timapulumuka tisanaphwanyike bwino, ndipo ndi timeneti tingafike kwa mwana tili ndi chizindikiro cha chakudya chija.

M'chaka cha 2001 akatswiri a ku Toronto, m'dziko la Canada, anafalitsa zotsatira za kafukufuku woyeza zimenezi. Amayi 23 oyamwitsa anadya magalamu 50 a mtedza wokazinga aliyense, kenako mkaka wawo unkayezedwa maola angapo motsatizana. Puloteni ya mtedza inapezeka mumkaka wa amayi 11, ndipo mwa ambiri a iwo inaoneka pasanathe maola awiri. Mwa amayi 12 enawo sinapezeke n'komwe, chikhalirecho anadya mtedza wofanana. Kafukufuku wina wapezanso puloteni za mkaka wa ng'ombe, za dzira ndi za tirigu mumkaka wa m'mawere. Muyezo wake ndi wochepa zedi. Amawerengera mu ma nanogram, kutanthauza gawo limodzi la galamu itagawidwa magawo biliyoni. Puloteni ya ng'ombe imene mwana angapeze m'bere la mayi amene wamwa tiyi wamkaka ndi yochepa maulendo masauzande ambiri poyerekeza ndi imene angapeze atamwa yekha mkaka wa ng'ombewo. Kwa ana ochuluka, kamuyezo kameneka kamadutsa thupi osakamva.

Apa nkhani ya nyemba ndi kabichi imatha yokha. Mpweya umene umamuvutitsa munthu akadya nyemba umapangidwa m'matumbo mwake momwemo, pamene tizilombo tabwino tokhala mmenemo tikugaya zotsalira za nyembazo. Mpweyawo sulowa mumkaka. Mayi akhoza kutupidwa, mwana osamva kanthu. Chimene chimadutsa ndi kafungo ndi kakomedwe. Ofufuza a ku Philadelphia anaonetsa mu 1991 kuti mayi akadya adyo mkaka wake umasintha fungo, ndipo makandawo m'malo mokana bere ankayamwa nthawi yotalikirapo. Mwana amayamba kuzolowera ndiwo za kwawo asanaone mbale.

Palinso chisokonezo cha shuga wa mumkaka wotchedwa lactose. Akuluakulu ambiri kuno ku Africa akamwa mkaka wambiri wa ng'ombe m'mimba mumabwadamuka, chifukwa thupi linachepetsa mphamvu yogaya shugayu titakula. Imeneyo si allergy, ndipo sikukhudza chitetezo cha m'thupi. Mkaka wa m'mawere uli ndi lactose wambiri amene bere limapanga lokha, kaya mayi amamwa mkaka wa ng'ombe kaya ayi, ndipo makanda amabadwa okonzeka kumugaya. Choncho mayi kusiya tiyi wamkaka sikuchepetsa lactose m'bere lake ngakhale pang'ono.

Nanga ana amene amavutikadi ndi angati? Ku Denmark, m'zaka za m'ma 1980, madokotala anatsatira ana oposa 1,700 kuyambira pobadwa. Amene anaonetsa zizindikiro za kuwengedwa ndi mkaka wa ng'ombe akuyamwa bere lokha anali pafupifupi mmodzi mwa ana 200 alionse. Limenelo ndi dziko limene amayi amadya za mkaka tsiku lililonse. Ana oterowo alipo ndithu, ndipo mayi wa mwana mmodziyo akufunika kumveredwa. Koma 199 enawo amayi awo alibe chifukwa chosalira.

Mwana amene zamugwiradi kudzera m'bere nthawi zambiri amaoneka chonchi. Ali ndi milungu ingapo kapena miyezi iwiri itatu, akuyamwa bwino, akusekerera, sikelo ikukwera, thupi silikutentha. Koma pomusintha thewera mayi akuona timizere ta magazi ofiira tosakanikirana ndi zonanda ngati mamina m'chimbudzi chake. Mawa lake chimodzimodzi. Chimene chachitika n'chakuti kumapeto kwa matumbo kwatupa pang'ono chifukwa cha puloteni ina yodzera mumkaka, ndipo kawirikawiri imakhala ya mkaka wa ng'ombe, nthawi zina ya dzira kapena soya. Vutoli limachititsa mantha poliona koma si loopsa kwambiri, ndipo ana ambiri limawathera akamakwanitsa chaka. Ana ena zizindikiro zawo zimakhala kusanza mobwerezabwereza, kutsegula m'mimba kosatha, kusakwera sikelo, kapena nthenda ya khungu louma ndi loyabwa imene achipatala amaitchula kuti eczema, ikakhala yaikulu ndipo sikumva mankhwala. Mtundu uwu umachedwa kuonekera, pamatha maola ambiri kapena masiku, n'chifukwa chake kuloza chakudya chimene mayi wadya dzulo kumasocheretsa.

Ndiyenera kutsindika chinthu chimodzi pano. Magazi m'thewera la khanda si nkhani yoweruzira pakhomo. Kwathu kuno kamwazi ndi matenda ena a m'matumbo ndi ofala kuposa allergy, ndipo amapha msanga. Magazi angachokerenso ku kachilonda kakang'ono kotulukira chimbudzi, kapena mwana wameza magazi a nsonga ya bere yong'ambika, kapena matumbo apindana, zimene zimafuna thandizo la changu. Mwanayo aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka tengani thewera lija kapena lijambuleni pafoni kuti adokotala aone okha.

Mtundu wachiwiri ndi wofulumira. Pakangopita mphindi zochepa, osapitirira maola awiri, khungu limatuluka zotupa zofufuma zoyabwa ngati walumidwa ndi tizilombo, milomo kapena zikope zimatupa, mwana amasanza. Zikafika poipa amabanika, kupuma kumalira ngati wa mphumu, amatuwa ndi kulefuka. Apo musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala, chifukwa mankhwala opulumutsa moyo ndi jakisoni wa adrenaline. Mtundu umenewu kudzera m'bere lokha umachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Umaoneka makamaka pamene mwana wadya yekha chakudyacho, monga tsiku loyamba kumupatsa mkaka wa m'chitini kapena dzira. Ndipo mwana akapezeka nawo, koma masiku onse m'mbuyomo ankayamwa bwinobwino mayi ake akudya chakudya chomwecho, madokotala kawirikawiri samuletsa mayiyo kupitiriza kudya.

Zinthu zambiri zimene zimatiopsa pa khanda ndi ukhanda chabe. Kulira kwa madzulo kumakula mwana akamafika milungu 6 ndipo kumachepa kokha pa miyezi itatu kapena inayi, ngakhale mayi adye chiyani. Kubweza kamkaka akangoyamwa kumachitika chifukwa khomo la m'mimba mwake silinakhwime. Chimbudzi cha mwana woyamwa bere lokha chimakhala chofewa, chachikasu, kangapo patsiku. Tiziphuphu ta kumaso m'mwezi woyamba timabwera ndi kupita. Mwezi wa October timamuveka mwana chipewa, juzi, masokosi, n'kumukulunga m'shawelo ndi bulangeti, kenako zidzolo za thukuta zikatuluka m'khosi timati ndi mtedza. Mphere nazo zimagwira makanda, ndipo chizindikiro chake n'chakuti ena m'nyumbamo akudzikanda usiku. Sopo wonunkhira, mafuta odzola onunkhira ndi sopo waufa wosatsukuluzika bwino m'matewera zimapsereza khungu lanthete. Vuto lagona poti zonsezi zimatha zokha. Mayi akasiya mazira Lolemba, zidzolo n'kutha sabata yotsatira, aliyense amatsimikiza kuti anali mazira, ndipo lamulolo limapitirira kwa mwana wotsatira.

Si agogo athu okha amene anaganizapo zosala. Madokotala a maiko olemera anayenda njira yomweyo. Mu 1998 boma la Britain linalangiza amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ochokera m'mabanja a ziwengo ndi mphumu kuti apewe mtedza. Mu 2000 bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linanenanso zofanana, n'kuwonjezera kuti ana a m'mabanja oterowo asalawe mtedza mpaka atakwanitsa zaka zitatu. Zinkaoneka zanzeru. Koma chiwerengero cha ana owengedwa ndi mtedza sichinatsike, chinkangokwera. Atasanthula umboni anapeza kuti kusala kwa mayi sikumuteteza mwana. Bungwe la ku America lija linasintha malangizo ake mu 2008, ndipo Britain inachotsa ake mu 2009.

Chimene chinatembenuza maganizo kotheratu chinachokera ku London. Professor Gideon Lack ndi anzake anaona kuti ana achiyuda okulira ku Britain ankawengedwa ndi mtedza pafupifupi kakhumi kuposa ana a ku Israel, kumene makanda amayamba msanga kudya kachakudya ka mtedza kotchedwa Bamba. Ndiye anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11, onse okhala ndi eczema yaikulu kapena owengedwa kale ndi mazira, n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linkadya za mtedza sabata iliyonse, lina linkapeweratu. Zotsatira za kafukufukuyu, wotchedwa LEAP, zinatuluka mu 2015. Pofika zaka zisanu, mwa ana opewa aja pafupifupi 17 pa 100 alionse anali owengedwa ndi mtedza, pamene mwa odya aja anali pafupifupi 3 pa 100. Kafukufukuyu anali wa zimene mwana amadya yekha, osati za mbale ya mayi, koma anaonetsa mmene chitetezo cha m'thupi chimaphunzirira. Chakudya chikalowera pakamwa msanga ndiponso kawirikawiri, thupi limachizolowera.

Khomo loopsa likuoneka kuti ndi khungu. Khungu la mwana wa eczema limakhala long'ambikang'ambika, ndipo tizidutswa ta chakudya tikalowera pamenepo thupi lisanachidziwe kudzera pakamwa, chitetezo chimatha kuchitenga ngati mdani. Gulu la Professor Lack lomwelo linapeza mu 2003 kuti ana amene ankadzozedwa mafuta okhala ndi mafuta a mtedza pakhungu la zidzolo ankapezeka kwambiri ndi vuto la mtedza. Kwa ife amene timasinja nsinjiro mumtondo mwana ali kumbuyo, phunziro lake ndi losavuta. Ngati mwana ali ndi khungu lotere, idyani ndiwo zanu zotendera, koma sambani m'manja ndi sopo musanamudzoze kapena kumugwira kumaso. Ndipo khungulo lisamaliridwe: kumusambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, kupewa sopo wonunkhira, kumudzoza mafuta osanunkhira monga Vaseline kangapo patsiku, ndi kugwiritsa ntchito mankhwala opaka amene achipatala apereka. Ana ambiri a eczema amapeza bwino ndi zimenezi mayi asanasiye chakudya chilichonse.

Abale athu okhala kunja amamva nkhani za allergy kwambiri, ndipo pali chifukwa. Ku South Africa ofufuza anayerekeza ana a chaka chimodzi mpaka zitatu a mumzinda wa Cape Town ndi a kumidzi ya ku Eastern Cape. Mumzinda anapeza ana pafupifupi 25 pa 1,000 alionse ali ndi vutoli, kumudzi pafupifupi 5 pa 1,000. Moyo wa m'tauni ukuoneka kuti umalikulitsa. Choncho mayi wa ku Johannesburg kapena ku Manchester asadabwe anamwino akamamufunsa mafunso ambiri pa nkhaniyi, koma malangizo ake ndi omwewo: asasale pofuna kupewa.

Chimene chimandiwawa ndi mtengo umene mayi wa kwathu amalipira. Thupi loyamwitsa limafuna mphamvu zowonjezera pafupifupi ma calorie 500 patsiku. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi za mafuta. Pabanja lapamudzi limene nyama imaoneka pa Khirisimasi, ndi mtedza, nyemba, nandolo, mazira ndi usipa zimene zimamanga thupi. Mukazichotsa zimenezo mwachotsa magulu awiri, ndipo mafuta a m'nsinjiro apita nawo. Bere limapitirizabe kupanga mkaka, koma limatapa m'thupi la mayi, ndipo mavitamini ena monga A ndi B12 amachepa mumkaka mayi akamawasowa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. M'dziko lotere, kumulanda mayi dzira chifukwa cha tiziphuphu ta m'masaya ndi kuika pachiswe anthu awiri pofuna kuthawa vuto limene mwina kulibe.

Nthawi imene kusala kuli koyenera, kumakhala ndi dongosolo lake, ndipo kumayamba achipatala atamuona mwana n'kutsimikiza kuti si matenda ena. Amachotsa chakudya chimodzi, osati zisanu, ndipo kawirikawiri amayamba ndi mkaka wa ng'ombe ndi zonse zopangidwa nawo: tiyi wamkaka, mkaka waufa, chambiko, yogati, ndi mabisiketi kapena makeke othira mkaka. Mkaka wa mbuzi sulowa m'malo, chifukwa puloteni yake imafanana kwambiri ndi ya ng'ombe. Mayi amasala milungu iwiri mpaka inayi uku akupitiriza kuyamwitsa. Ngati ndi vuto la magazi m'thewera lija, kusintha kumayamba kuoneka m'masiku ochepa, ngakhale nthawi zina kumatenga milungu iwiri. Ngati milungu inayi yatha popanda kusintha, chakudyacho sichinalakwe, chibwerere m'mbale. Ngati mwana wapeza bwino, pali sitepe imene ambiri amaidumpha chifukwa cha mantha: mayi ayambenso kudya chakudya chija ndi kuona. Zizindikiro zikabwerera, ndiye kuti zatsimikizika. Zikapanda kubwerera, vuto linatha lokha. Kuyesa kumeneku ndi kwa mtundu wochedwa uja basi. Mwana amene anatupapo milomo kapena kubanika sayesedwa pakhomo.

Mayi amene wasiya za mkaka apeze kwina kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, kapenta kwa anzathu a ku Zambia, bonongwe, mpiru ndi masamba ena obiriwira zimathandiza, ndipo achipatala angawonjezere mapiritsi.

Cholakwika chachikulu koposa ndi kumuchotsa mwana kubere poganiza kuti mkaka wa mayi ukumuwenga. Mkaka wambiri wa m'chitini wa m'magolosale umapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe. Mwana amene amavutika ndi kadontho ka puloteniyo kodzera m'bere ndiye mwamupatsa botolo lodzaza. Mkaka wapadera wa ana oterewa ulipo, koma ndi wodula kwambiri ndipo supezeka wamba. Onjezani madzi osatetezeka ndi mabotolo ovuta kutsuka, mwatsegulira khomo matenda otsegula m'mimba. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, popanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, ndi kupitiriza mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV, kusakaniza bere ndi zakudya zina m'miyezi 6 yoyambayi kungawonjezere chiopsezo chopatsira mwana kachilomboko, ndiye asasinthe kadyetsedwe asanakambirane ndi achipatala.

Mtedza uli ndi vuto lina lenileni limene limadutsa m'bere, koma si ziwengo. Ndi chuku. Mtedza kapena chimanga chosungidwa pachinyontho chimamera nkhungu yotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo gawo lake limapezeka mumkaka wa mayi amene wadya. Kukazinga sikumuthetsa. Posinja nsinjiro sankhani mtedza, tayani wofwapa, wakuda ndi wowawa. Mowa nawo umalowa mumkaka, ndipo mankhwala alionse mayi afunse kaye asanamwe.

Mwana akakwana miyezi 6, phala la mgaiwa lothira nsinjiro yosinjika bwino kapena chiponde chosungunula, limene amayi athu akhala akuphika kuyambira kale, likugwirizana ndi zimene a ku London aja anapeza. Dzira lophika mpaka kupsa, lonyenyanyenya, liyambikenso nthawi yomweyo. Mtedza wathunthu ayi, umatsamwitsa. Mwana wa eczema yaikulu kapena amene anatupapo ndi chakudya china ayambe waonedwa ndi adokotala. Mwana wa mng'ono wanga uja analawa phala lake loyamba la nsinjiro m'mawa wina atangokwana miyezi 6. Mayi ake anamupatsa kansonga ka supuni, n'kukhala naye pamphasa akumuyang'ana milomo ndi zikope kwa maola awiri. Sanatupe, sanasanze. Mawa lake anamupatsa supuni ziwiri, ndipo madzulo a tsiku lomwelo agogo ake anamuphikira mayiyo nkhwani wotendera.